Felemu Ziwiri, Wokwera Mmodzi

MUTU 7

1. Kansanza ndi sopo

Nkhono anakhala pakampando kuseri kwa nyumba, beseni la madzi a sopo lili patsogolo pake. Anaviika kansanza, n'kufinya, n'kuyamba kupukuta. Sankafulumira. Ntchito iliyonse ankaigwira ngati dzuwa limudikira, ndipo munthu akamukalipira ankangobweza mutu m'mapewa. N'chifukwa chake pakhomopo ankamutchula kuti Nkhono, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kusekondale.

Koma akakwera njinga, dzinalo linkasanduka bodza. Loweruka likubweralo kunali mpikisano wa sukulu zonse za m'deralo, ndipo atsikana atatu oyamba kufika ndiwo akanalowa m'timu. Tsikuli linali Lachiwiri.

Chimene ankatsukacho chinali felemu ya njinga, yopanda matayala, yopanda tcheni, yotuwa ngati phulusa. Amene anabwera nayo anali mchimwene wake wamkulu, amene anadzipatsa yekha dzina lakuti Mphezi. Anaigula kwa ogulitsa katundu wogwirapo kale ntchito. Mphezi ankathandiza aphunzitsi a zamasewera kuphunzitsa okwera njinga, ndipo fomu ya Nkhono yolowera mpikisano inali m'thumba mwake.

"Titaniyamu imeneyi," anatero tsiku lobwera nayo, ataikweza ndi chala chimodzi. "Zopangira ndege. Loweruka ukwera imeneyi. Uitsuke iwale, wamva?"

Tsopano Nkhono anaitembenuza chagada. Kunsi kwa khosi la felemuyo, pamene mapaipi awiri amakumana, panali kasitika kachikasu kojambula mphezi. Mchimwene wakeyo ankamata timasitika totere paliponse: pachipewa, pabotolo la madzi, pachitseko cha chipinda chake.

Kansanza kaja kanakodwa pakona pa sitikayo. Madzi anali atafewetsa guluu, ndipo inamatukako pang'ono. Pansi pake panali kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi.

Nkhono anapukuta. Sikanachoke. Anapukutanso ndi sopo. Sikanachoke. Atadutsitsapo chikhadabo, chikhadabocho chinakodwa.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anabwezera sitika ija, n'kuikanikiza ndi chala chachikulu mpaka itamata.

2. Sikelo

"Iwe Nkhono! Kutsuka felemu imodzi mpaka ndevu kumera? Bwera nayo kuno!"

Mphezi anali m'shedi ya bambo awo. Bambowo anali wowotcherera zitsulo, ndipo shediyo inkanunkha utsi ndi girizi. Pakhoma panatsamira njinga imene Nkhono ankakwera masiku onse. Inali yobiriwira, yachitsulo, ndipo felemu yake anaipanga ndi bambo awo ndi manja awo zaka zisanu zapitazo.

Sanapangire Nkhono. Anapangira Mphezi. Mphezi anathamanga nayo mpikisano umodzi wokha, anafika wachinayi, n'kuiponya pageti, amvekere, "Ngolo iyi ndiyo yandiluzitsa." Kuyambira tsiku limenelo bambo ndi mwana sankalankhulana, ankangolumana. Patapita zaka ziwiri, Nkhono anaitola njingayo, anatsitsa chishalo mpaka pansi penipeni, n'kumakwera.

Mphezi anali atachotsa kale matayala a njinga yobiriwirayo. Anakoleka sikelo pamtanda wa denga, n'kupachikapo felemu ya titaniyamu. Muvi wa sikelo unangosuntha pang'ono. Atapachika yachitsulo, muvi unatsika ndithu.

"Waona? Iyi ndi nthenga, iyo ndi mwala wa pamanda. Pachitunda cha njira ya mpikisano ukakhala ukukoka chimtolo chimenechi, anzako akukubayibitsa."

"Wakuuza ndani kuti ugwire sikelo yanga?"

Bambo awo anali ataima pakhomo, magalasi akuda owotcherera ali pamphumi.

"Ndikungomuonetsa mwanayu zoona zake, bambo."

"Zoona zake? Iwe ndi zoona munakumana kuti? Bwezera matayalawo msanga."

"Sindibwezera. Loweruka akwera titaniyamu."

"M'nyumba mwa yani?"

"Pamsewu, bambo. Mpikisano suchitikira m'nyumba mwanu."

Mphezi anatenga felemu yobiriwira ija, n'kuizondotsa. M'paipi ya chishalo munatuluka timadzi tofiirira, n'kudontha pasimenti.

"Onani. Ikuwola ndi m'kati momwe. Titaniyamu sichita dzimbiri, ngakhale muigoneke pamvula chaka chathunthu. Pamabampu imafewa, sigwedeza munthu mafupa. Dziko linapita patsogolo, inu mukadali pomwe munaima ndi nyundo yanu. Tsabola wakale sawawa."

Nkhono anaima pakona, manja akudontha madzi a sopo. Anatsegula pakamwa.

"Achimwene, pakhosi pake..."

"Iwe khala chete, tikulankhula za njinga."

Anatseka.

3. Maginito

Bambo awo sanakweze mawu. Akatsitsa mawu ndi pamene ana awo ankadziwa kuti zavuta. Anatenga maginito amene ankatolera misomali, n'kuyandikiza pafelemu yobiriwira. Maginito anamata, kuti khaa! Atayandikiza pa ya titaniyamu, anagwa pansi.

"Ngakhale maginito akuikana," anatero. "Tsono tamvera, iwe Mphezi wopanda mvula, ndipo iwenso Nkhono utchere khutu, chifukwa khosi limene tikulikambali ndi lako.

"Sindikukana kuti chinthu chakochi ndi chopepuka. Maso ndili nawo. Sindikukananso kuti sichichita dzimbiri. Chikakhala chatsopano, chochokera m'manja mwa mmisiri wodziwa, ndi chabwino. Koma ichi wachitola pamulu. Anakwerapo ndani? Anagwa nacho kangati? Anachitayiranji? Munthu sataya chinthu chodula popanda chifukwa. Unafunsa? Sunafunse. Unangoona kuwala.

"Chitsulo changachi ndi cholemera, inde. Koma dzimbiri lake ndimaliona, ndimalipala, ndimathira mafuta m'paipi, nkhani yatha. Chikapindika ndimachiwongola. Chikang'aluka ndimayatsa moto uwu, pofika madzulo mwana wakwera. Ungapite nacho kulikonse kumene kuli munthu wowotcherera mageti, akuthandiza.

"Chakochi ayi. Ndikuuza zimene zinandichititsa manyazi ine ndemwe. Kale munthu wina anandibweretsera felemu yotere, itang'aluka. Ine ndi matama anga ndinati palibe chitsulo chondikanika. Ndinawotcherera. Panaoneka bwino, mpaka panatuluka timitundu tokongola. Nditangogogoda ndi nyundo kuti ndiyese, panathetheka ngati kapu yadothi. Zimenezi zikatentha sizifuna mpweya uno tikupumawu. Zimafuna makina akeake ndi gasi wakewake wotchinga pamotopo, ndipo ine ndilibe, anzanga onse a mumsewu uno alibe. Ndikanapanda kugogoda tsiku limenelo, munthu uja akanakwera, ndipo bwenzi lero ndikutchedwa wakupha.

"Njira ya Loweruka ndikuidziwa. Mukakwera chitunda mumatsika mtsetse wautali, kumunsi kwake kuli mlatho. Felemu ikathyokera pamenepo, munthu safunsidwa kuti unali wachingati. Kuthamanga si kufika. Ndamaliza."

Mphezi anaomba m'manja pang'onopang'ono, monyoza.

"Ulaliki wabwino. Chopereka tiponye kuti? Nkhani ndi yakuti simufuna kuvomera kuti ngolo yanu inandiluzitsa, ndiye mukufuna iluzitsenso uyu."

"Inakuluzitsa ndi miyendo yako yaulesiyo! Unkadzuka dzuwa lili pamutu!"

"Felemu yanga ilibe vuto lililonse!"

Ponena mawu amenewa, Mphezi sanayang'ane bambo ake. Anayang'ana kukhosi kwa felemu ija, kamodzi kokha, mwachangu. Bambo awo sanaone. Nkhono anaona.

4. Tepi ya amayi

Amayi awo ankasoka zovala pakhonde lakumaso. Phokoso lonse la m'shedi analimva, koma makina awo sanaime. Nkhono anabwera n'kukhala pansi pambali pawo, n'kuyamba kutola tizidutswa ta nsalu, kamodzikamodzi.

"Atha kudyana agalu angawo?"

"Ayi."

"Akulimbirana chiyani, fupa?"

"Njinga yanga."

"Yako? Ine ndimayesa ndi yawo. Dzina lako sindinalimve."

Amayi ake anaimitsa makina, n'kumugwira dzanja. Analitembenuza. Pamfundo ya dzanjalo panali potupa, ndipo atadinapo Nkhono anatsinzina.

"Ichi chayamba liti?"

"Kalekale. Mahandulo ali kutali. Ndimachita kudzikoka kuti ndiwafikire. Msananso umawawa."

"Bambo ako unawauza?"

"Angakhumudwe. Anaipanga okha."

Amayi ake anavula magalasi, n'kuwaika pamakina.

"Tamvera, mwanawe. Ine za njinga sindizidziwa, sindidziwa kuti titaniyamu n'chiyani, kaya amadya kaya amavala. Koma ntchito yangayi ndaigwira zaka makumi awiri, ndipo sindinadulepo nsalu ndisanayeze mwini wake. Abwere ndi nsalu yodula chotani, ndikasoka pamuyeso wa munthu wina, ndawononga. Ndipo wovala akangoti zii, n'kunyamula diresi yomuthina kupita nayo kwawo, ine ndidziwa bwanji? Mawa ndimusokeranso yothina.

"Iwe tinakulera kuti uzilemekeza akulu, ndipo sunatichititsepo manyazi. Koma pali ulemu, palinso mantha ovala zovala za ulemu. Mwana amene waona njoka yalowa m'nsapato ya bambo ake, n'kukhala chete poopa kudula akulu mawu, ameneyo si waulemu. Ukamati ukusunga mtendere, dziwa kuti mtendere umenewo ukuulipira ndi thupi lako. Awiriwo Loweruka adzaima m'mbali mwa msewu, manja m'thumba. Wotsika mtsetse uja udzakhala iwe wekha.

"Maso ako amaona zambiri, ndimakuona ine. Koma maso opanda pakamwa ndi nyali yovundikira."

Anavalanso magalasi, makina n'kuyambanso kulira. Nkhono anapitiriza kutola tinsalu tija mpaka pansi panayera.

5. Lachitatu

Tsiku lotsatira, Nkhono pochokera kusukulu anamva phokoso asanatsegule n'komwe geti. Ana a nyumba yoyandikana nayo anali atakwera pampanda, akuonerera.

M'shedi munali ngati mwadutsa kamvuluvulu. Njinga yobiriwira inali itaphwasulidwa yonse. Tcheni, mabuleki, mahandulo ndi zopalasira zinali mbwee pansi. Mphezi anali atamangirira kale zina pafelemu ya titaniyamu. Tsopano iye ndi bambo ake anagwira tayala limodzi, wina uku wina uku, akukokana.

"Siya tayala langa, wakuba iwe!"

"Ndi la Nkhono, si lanu!"

"Ndinaluka masipoko amenewa iwe ukadali ndi mamina!"

"Eya, ndi uyu wabwera mwini wake," anatero Mphezi, akupuma mwabefu. "Iwe Nkhono, tauza bambo akowa. Ukwera iti? Nena msanga, usatiyang'ane ngati ng'ombe. Ndipo ukumbuke kuti fomu yako ili ndi ine. Aphunzitsi atseka mayina mawa masana. Ukasankha ngoloyo, ine sindikapereka dzina la munthu wokandichititsa manyazi."

"Ukasankha chidebe chakecho," anatero bambo ake, "usadzalowenso m'shedi muno kudzapempha ngakhale mpweya wa m'tayala."

Nkhono anatula chikwama cha mabuku pansi. Anayenda pang'onopang'ono, kulambalala zitsulo zomwazikazo, mpaka pafelemu yotuwa ija. Anagwada. Analowetsa chikhadabo pansi pa kasitika kachikasu, n'kukamatula konse.

Kenako anatembenuzira khosi la felemuyo kuwindo, kumene kunkalowera dzuwa.

Bambo ake anasiya tayala. Anawerama, anadutsitsapo chala chawo chokhakhala, kenako anagwira mapaipi awiriwo n'kuwakanula pang'ono. Kamzere kaja kanayasama ngati kakamwa ka mwanapiye, n'kutsekanso.

Ana a pampanda aja anasolola makosi kuti aone.

"Ndi kukalika chabe," anatero Mphezi, mawu atauma. "Penti... ndi kukalika kwa pamwamba."

"Ilibe penti, achimwene," anatero Nkhono.

Mawu ake anali aang'ono, koma anamveka bwinobwino.

"Mphezi zanu zonse mumamata poonekera. Pachipewa, pabotolo, pachitseko, kuti aliyense aone. Iyi yokha ndiyo munamata kunsi, kumene sikufika maso. Munadziwa."

"Ndinaona nditagula kale! Ndikanatani? Ndibwere nayo pano kuti awa andiseke mpaka chaka chamawa? Ndi kamng'alu kakang'ono, iwenso ndiwe wopepuka. Ikanapirira tsiku limodzi lokha."

"Ikanapanda kupirira?"

Mphezi anali atasiya tayala lija n'kutola sipanala. Anaiyang'ana m'manja mwake ngati akuiona koyamba.

Bambo awo anawongoka, chifuwa chili patsogolo. Anayamba kuseka, kuseka kowawa.

"Ndinanena ine! Chikomekome cha mkuyu! Wamva, katswiri? Unafuna kupha mlongo wako chifukwa cha manyazi! Nkhono mwana wanga, wachita bwino. Tiye timange njinga yathu, timuonetse ameneyu kuti chitsulo cha bambo ake..."

"Si yathu, bambo."

Kuseka kuja kunaduka.

"Wati chiyani?"

Nkhono anaimirira. Mutu sanaubweze m'mapewa. Anakwinya mkono wa malaya a sukulu, n'kuonetsa potupa paja.

"Njinga iyi munapangira achimwene. Munawayeza miyendo, munawayeza mikono, ndinalipo, ndinkakugwirirani choko. Ine simunandiyezepo. Zaka zitatu ndakhala ndikudzikoka pa njinga ya munthu wamtali, ndipo tsiku lililonse ndikatsika mumafunsa kuti, 'Yayenda bwanji njinga?' Simunafunsepo kuti ndayenda bwanji ine. Simukufuna kuti ndipambane. Mukufuna kuti felemu yanu ipambane, kuti achimwene aone. Iwonso akufuna yawo ipambane kuti inu muone. Nonse awiri mukuthamanga mpikisano wa zaka zisanu zapitazo, koma pamsana panga."

"Iwe, ukulankhula ndi bambo ako," anatero bambowo, koma mawu awo analibe mano.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukupemphani inu, osati wina. Ndasankha chitsulo. Sindinasankhe chifukwa chakuti mwapambana mkangano. Ndasankha chifukwa munanena nokha dzulo kuti chitsulo chimawongoleka, chimawotchererekanso. Ndiye muidule. Muifupikitse ikhale ya msinkhu wanga."

Bambo ake anayang'ana felemu yobiriwirayo. Panalibe chinthu china chimene anachipanga ndi mtima wonse ngati chimenecho, ndipo chiipangireni sanalole munthu kuikhudza ndi sowo.

"Kudula, kulumikiza, kuwongola... ndi ntchito ya masiku atatu imeneyo," anatero motsitsa. "Ndikalakwitsa pang'ono pokha, Loweruka ulibe njinga."

Mphezi anaponya sipanala pansi. Anatulutsa fomu ija m'thumba, anaionetsa m'mwamba, n'kuibwezeranso, n'kumenya pathumbapo.

"Dulani, musadule, zanu izo. Wandiyalutsa pamaso pa ana a eni. Fomu iyi sikupita kulikonse. Tione ngati ukalowe wekha mu ofesi ya aphunzitsi aja, iwe amene ukangomva akutsokomola umabisala kuseri kwa thanki."

Zinali zoona. Aphunzitsi a zamasewera anali munthu waukali, wosabwereza mawu kawiri, ndipo chilowereni sekondale Nkhono anali asanawayankhepo mawu oposa "inde" ndi "ayi".

Nkhono anatola kasitika kachikasu kaja pansi, n'kukaika m'dzanja la mchimwene wake.

"Fomuyo sungani, achimwene, mumatepo aka. Kwa aphunzitsi ndipita ndekha mawa m'mawa, ndipo akandifunsa chifukwa chake ndilibe fomu, ndikawauza zonse."

Anatembenuka n'kukuwira kukhonde, kukuwa kumene pakhomopo anali asanakumvepo.

"Amayi! Tandibwerekani tepi yanu yoyezera ija. Bambo akufuna andiyeze."